Khungu louma, lotuwa ndi lothetheka: vuto limakhala pati, nanga tidzole chiyani?

Nachisale (woyang'anira gulu): Moni nonse. Funso limene likubwera mobwerezabwereza ndi la khungu louma. Munthu akudzola m'mawa uliwonse, koma pofika masana miyendo yatuwa mbuu, ikuyabwa, ena mpaka kuthetheka. Ena akuti awonjezera madzi akumwa koma palibe chikusintha. Muno tili ndi anamwino, a zamankhwala ndi oona matenda a pakhungu, tatithandizani. Otsatsa malonda pepani, mauthenga anu ndizichotsa.

Mbewe: Zikomo mayi Nachisale. Tisanafike pa zodzola, tione kaye pamene vuto limakhala. Pamwamba penipeni pa khungu pali kachikopa kopyapyala kotchedwa stratum corneum, kopangidwa ndi maselo akufa osanjikizana mizere 15 mpaka 20 m'malo ambiri a thupi. Kamangidwe kake kali ngati khoma: maselowo ndi njerwa, ndipo pakati pawo pali mafuta ogwira ntchito ya matope omangira. Pafupifupi theka la mafutawo ndi ceramide, kota ndi cholesterol, otsalawo ambiri ndi ma fatty acid. M'kati mwa maselomo muli tinthu tosunga madzi, monga ma amino acid, lactate ndi urea. Gawo lalikulu la tinthuti limachokera ku puloteni yotchedwa filaggrin ikamaphwanyika.

Mafuta a pakatiwo akasukuluka, madzi amathawa msanga kuposa mmene akubwerera kuchokera pansi. Madzi a m'kachikopako akatsika kufika pansi pa 10%, kamauma gwa ndipo kamang'ambika mukapinda bondo kapena chala. Chinanso n'chakuti ma enzyme (timapuloteni tofulumizitsa ntchito za m'thupi) amene amamasula maselo akale kuti agwe limodzilimodzi osaoneka amafuna chinyezi. Chinyezi chikasowa, maselo amagwa ataphatikana, m'mbali mwake mutatukuka. Kutuwa kumene timaona ndi kumeneko. Pa khungu lakuda kumangoonekera kwambiri chifukwa tizidutswato n'toyererako.

Tembo: Ndiye a Mbewe mukuti zakumwa madzi ambiri zija zilibe ntchito?

Mbewe: Kwa munthu amene madzi amuthera m'thupi, mwina chifukwa chotsegula m'mimba kapena kusanza, kumwa n'kofunika kwambiri. Koma amene amamwa mokwanira kale, kuwonjezera malita ena kumangomuchulukitsira maulendo opita kukataya madzi. Impso zimatulutsa otsalawo, safika pa kachikopa kaja. Madzi m'thupi alimo, chimene chalephera ndi chowatsekera.

Nangondo: Ndilowererepo pa nkhani ya kubafa, chifukwa anthu ambiri amawonongera khungu kumeneko, kenako n'kumadandaula kuti mafuta odzola sakugwira. Khungu labwino limakhala ndi asidi pang'ono, pH yake (muyeso wa asidi, nambala ikamakwera asidi akuchepa) ndi 4.5 mpaka 5.5. Sopo wamba wa mtanda amakhala pa 9 kapena 10. Mukasamba naye, pH ya khungu imakwera ndipo pamatenga maola angapo kuti ibwerere. Nthawi yonseyo ma enzyme opanga ceramide sagwira bwino ntchito. Kumva khungu likukokeka mukangotuluka m'bafa si umboni woti mwayera, ndi chizindikiro choti mafuta ofunika apita ndi thovu.

Kasambidwe kake kakhale kotere. Madzi akhale ofunda, osapitirira kutentha kwa thupi, madigiri 37. Madzi otentha kwambiri amakoma pa khungu loyabwa, koma amasungunula mafuta aja ndipo kuyabwa kumabwerera mowirikiza. Mphindi 5 mpaka 10 zakwana, kamodzi pa tsiku. Sopo apite m'khwapa, m'mphechepeche, kumatako, kumapazi ndi pamene pada. Misongolo, mikono ndi msana sizifuna thovu tsiku lililonse, madzi okha akwana. Chinkhupule chokhakhala musiye. Anthu amaganiza kuti kutuwa ndi litsiro, ndiye amakwecha mwamphamvu, zotsatira zake amachotsa maselo amene anali asanakonzeke kugwa ndipo mawa lake pamatuwa kuposa dzulo.

Potuluka, thaulo muzingolikhudzitsa pakhungu, osapukuta mokhula. Dzolani khungu lidakali ndi kachinyezi, pasanathe mphindi 3 kapena 5. Amene amayamba wavala, kupesa, kenako n'kudzola khungu litauma kale, wataya mwayi waukulu wa tsikulo.

Nasibeko: Achemwali a Nangondo, apo pa sopo anthu atitsutsa. Wogwira ntchito ya fumbi, simenti kapena mafuta a galimoto sangasambe madzi okha. Komanso ambiri amakonda sopo wopha majeremusi poganiza kuti kuyabwa kukuchokera ku tizilombo.

Nangondo: Zoona, litsiro la mafuta limafuna chotsukira. Oterowo asankhe chosambira chimene si sopo weniweni, chimene pa pepala lake amalemba kuti soap-free kapena syndet, pH yake imakhala 5.5 mpaka 7. Ngati alibe, agwiritse ntchito sopo wamba pang'ono, atsukuluze bwino, adzole nthawi yomweyo. Sopo wopha majeremusi komanso mankhwala othira m'madzi osamba aja ndiye ayi ndithu. Kuyabwa kwa khungu louma kumabwera chifukwa timing'alu talola zinthu kufika pa timitsempha ta pansi. Mankhwala amphamvu akalowa m'timing'aluto amangokolezera. Sopo wochapira zovala ndiye osamuyandikiza n'komwe.

Gama: Tsopano zodzola. Musamayang'ane chithunzi cha kutsogolo kwa botolo, tembenuzani muwerenge zimene zilimo. Amazilemba kuyambira chochuluka kutsikira chochepa. Zinthu zake zimagwira ntchito zosiyana.

Pali zokoka madzi: glycerin, urea, lactic acid, hyaluronic acid. Izi zimagwira madzi n'kuwasunga m'kachikopa kapamwamba. Pali zotsekera: petroleum jelly (monga Vaseline), mineral oil, lanolin, dimethicone. Izi sizibweretsa madzi, zimangoletsa amene alipo kuti asathawe. Pa zonsezi petroleum jelly alibe mnzake, amachepetsa kuthawa kwa madzi ndi pafupifupi 98%, pamene mineral oil ndi dimethicone zimachepetsa ndi 20 mpaka 30%. Kenako pali zosalaza, monga shea butter ndi cetyl alcohol, zimene zimadzaza mipata pakati pa maselo otukuka aja. Musaope dzina loti alcohol pa cetyl kapena stearyl, amenewa ndi mafuta. Woumitsa ndi uja amalemba alcohol denat.

Apa ndi pamene anthu amalakwitsa. Kupaka Vaseline pa khungu louma kale kumangolinyezimiritsa, koma pansi pali pouma, chifukwa palibe madzi oti atsekeredwe. Loshoni wamadzimadzi payekha amamveka bwino podzola, koma gawo lalikulu ndi madzi amene amauluka pakapita kanthawi, n'chifukwa chake masana miyendo imatuwanso. Khungu louma pang'ono, kirimu wokhala ndi glycerin akwana. Louma kwambiri, yambani ndi kirimuyo khungu lili lonyowa, kenako petroleum jelly wochepa pamwamba pa misongolo, maondo, zigongono ndi zitendene. Kayesedwe kosavuta: mukatembenuza botolo lotsegula mafuta n'kutayika okha, amenewo ndi opepuka kwambiri kwa khungu lothetheka.

Tembo: Nanga glycerin wosasakaniza uja, wa m'kabotolo? Ambiri amadzola yekha.

Gama: Yekha si wabwino. Amanata, fumbi limakakamira, ndipo mpweya ukakhala wouma kwambiri amakoka madzi kuchokera m'kati mwa khungu, madziwo n'kuuluka poti palibe chowatsekera. Donthezani madontho 3 kapena 4 m'dzanja, sakanizani ndi kirimu wa mwendo umodzi, dzolani pomwepo. Musathire glycerin kapena madzi m'botolo lonse la kirimu. Mankhwala oteteza kuti kirimu asawonongeke anawayeza mogwirizana ndi zimene zinalimo, ndiye mukasungunula, mabakiteriya ndi nkhungu zimamera.

Urea nayenso muziona nambala yake. Wa 5 mpaka 10% ndi wofewetsa khungu la thupi lonse. Wa 20 mpaka 40% amasungunula chikopa chokhuthala, ndi wa zitendene ndi zigongono, osati kumaso. Pa khungu long'ambika kapena lokandidwa urea ndi lactic acid zimaluma, ndiye yambani ndi petroleum jelly masiku angapo kuti mabala atseke.

Nasibeko: Ine pa Vaseline sindikugwirizana nanu kwenikweni. Amatseka timabowo ta khungu, anthu amatuluka ziphuphu, ndipo kukatentha amasowetsa mtendere.

Mbewe: Mbali ina mwalondola mayi. Petroleum jelly woyengedwa bwino payekha satseka timabowo ta mafuta ngati mmene anthu amanenera, ndipo ndi chimodzi mwa zodzola zimene khungu silidana nazo kawirikawiri, chifukwa mulibe zonunkhiritsa kapena zotetezera. Koma akapakidwa wambiri pamalo a cheya, kapena pamalo otuluka thukuta kunja kukutentha, amatsekera thukuta ndi mabakiteriya, pamatuluka timatuza tofiira kapena tamafinya m'munsi mwa cheya. Ndiye amene ali ndi ziphuphu kumaso asamapake kumaso, ndipo kukatentha amugwiritse ntchito usiku okha, masana kirimu. Podzola muzitsata kumene cheya chagonera, kutsika m'munsi, osapikita mozungulirazungulira.

Nangondo: Pali china chimene sitinachikhudze, ndipo ndi chimene chimalepheretsa ambiri: muyeso. Munthu wamkulu kuti adzole thupi lonse kamodzi amafuna magalamu 20 mpaka 30. Supuni yaing'ono imatenga pafupifupi magalamu 5. Ndiye supuni imodzi mwendo uliwonse, imodzi pachifuwa ndi pamimba, imodzi kumsana, theka mkono uliwonse. Kawiri pa tsiku kwa mlungu wathunthu ndi magalamu 280 mpaka 420. Ngati kabotolo ka magalamu 100 kakukutherani mwezi, ndiye kuti simukudzola, mukungonunkhiritsa khungu. N'chifukwa chake ndi bwino kugula mafuta wamba ochuluka amene mungadzole mosaumira, kusiyana ndi kabotolo kapamwamba kamene muzikagwiritsa ntchito mongodontheza.

Mafuta a m'chitini chopisamo muzitapa ndi supuni yoyera, makamaka ngati khungu lili ndi mabala, chifukwa zala zimasiyamo mabakiteriya. Kufewa mudzakumva m'masiku ochepa, koma musasiye. Khungu limatenga pafupifupi milungu 4 kuti maselo atsopano afike pamwamba, ndipo kwa okalamba nthawiyi imatalikirapo.

Tembo: Aqueous cream bwanji? Ndi wotchuka kwambiri. Komanso mafuta achilengedwe.

Gama: Aqueous cream wachikale ali ndi sodium lauryl sulphate pafupifupi 1%, chimene ndi chotsukira. Anamupangira kusambira m'malo mwa sopo, kenako n'kutsukuluza. Akasiyidwa pakhungu tsiku ndi tsiku amapyapyalitsa kachikopa kaja ndipo ana ambiri a eczema (nthenda ya khungu louma loyabwa) amawawotcha. Ena masiku ano amamupanga wopanda mankhwalawa, ndiye werengani pepala.

Za chilengedwe, si zonse zofanana. Mafuta a maolivi ali ndi oleic acid wambiri, amene amasokoneza kasanjidwe ka mafuta a pakati pa maselo, choncho si abwino kwa makanda ndi a eczema. A mpendadzuwa okhala ndi linoleic acid wambiri khungu limawalandira bwino. A kokonati amathandiza pathupi koma kumaso amatulutsa ziphuphu kwa ambiri. Onsewa mulibe madzi, ndiye lamulo ndi lomwe lija, pa khungu lonyowa. Mandimu, soda ndi mafuta onunkhira a zitsamba musapake. Chodzola chatsopano chilichonse yesani kaye m'kati mwa mkono pafupi ndi chigongono, kawiri pa tsiku kwa masiku 7, chifukwa kudana ndi zonunkhiritsa kapena lanolin sikuoneka tsiku loyamba.

Nkhoma: Ndinene za zikang'a. Kuphazi kulibe tiziwalo totulutsa mafuta, chikopa chake n'chokhuthala, ndipo poponda chitendene chimatambasukira m'mbali. Chikopa cha m'mphepete chikauma sichitambasuka, chimang'ambika. Nsapato zopanda kumbuyo, kuima nthawi yaitali ndi kulemera kwa thupi zimakulitsa vutoli.

Madzulo viikani mapazi m'madzi ofunda mphindi 10, osapitirira. Palani pang'ono ndi mwala wa mapazi m'mphepete mokhuthalamo, kawiri kapena katatu pa mlungu, osafika pomva kuwawa. Mukapala kwambiri khungu limabwezera pokhuthala kuposa kale. Pakani urea wa 25%, pamwamba petroleum jelly, valani masokosi a thonje mugone. Mng'alu wozama wotuluka magazi utsukidwe, upakidwe petroleum jelly yekha, umatidwe ndi pulasitala mpaka utseke. Lezala ayi.

A matenda a shuga asaviike mapazi, asadzipale okha, ndipo asadzole pakati pa zala chifukwa chinyezi cha pamenepo chimabala mafangasi. Aziona pansi pa mapazi tsiku lililonse, ngakhale ndi galasi, popeza mitsempha ikafooka bala silimveka. Mng'alu uliwonse kwa iwo ndi wa kuchipatala.

Nasibeko: Manja mwachidule. Amene amasamba m'manja kambirimbiri pa ntchito adziwe kuti sanitaiza wokhala ndi glycerin amawononga khungu pang'ono kusiyana ndi sopo ndi madzi kobwerezabwereza, ngakhale amaluma pamene pathetheka kale. Manja akada mooneka, sopo ndiye wofunika, kenako kirimu. Pochapa ndi potsuka valani magolovesi, koma akakhala m'manja nthawi yaitali thukuta limafewetsa khungu n'kuliwononganso, ndiye valirani a thonje m'kati. Vulani mphete, sopo amabisala pansi pake. Milomo osanyambita, malovu akauma amasiya pouma kuposa kale. Pakani petroleum jelly, pewani zokhala ndi menthol kapena camphor.

Mbewe: Tsopano mbali imene ndikufuna aliyense aimvetse. Munthu akasintha kasambidwe n'kudzola mokwanira kwa milungu 2 mpaka 4 osaona kusintha, asiye kusinthasintha mafuta, akapimidwe. Pali matenda ambiri ooneka ngati khungu louma.

Eczema imayabwa kwambiri, imakonda kuseri kwa maondo, mopindikira mikono ndi m'khosi, ndipo pokandakanda khungu limakhuthala n'kuda. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, mumaona pakuda kwambiri kapena potuwira. Psoriasis imapanga zigamba zokhuthala za malire ooneka bwino pa zigongono, maondo ndi m'mutu. Kusupuka kwa m'mbali mwa mphuno, m'nsidze ndi kuseri kwa makutu kobwera limodzi ndi mfundu nthawi zambiri kumayamba ndi kafangasi kotchedwa Malassezia, kamene kamadya mafuta. Mukawonjezera mafuta a zomera pamenepo mukukadyetsa, chofunika ndi mankhwala opha mafangasi otchedwa ketoconazole. Mafangasi a kuphazi nawo amatha kungooneka ngati kuuma kwa phazi lonse, kawirikawiri zikhadabo zitakhuthala. Chipere chimakhala chozungulira, m'mphepete motukuka. Mphere amayabwa kwambiri usiku, pakati pa zala ndi m'chiuno, ndipo ena m'nyumbamo amakhala akukandanso. Chigamba choyererako, chouma, chosatuluka thukuta komanso chosamva mukachikhudza ndi thonje, chimenecho akachione msanga, chikhoza kukhala khate, ndipo limachizika.

Ena amabadwa nalo. Ichthyosis vulgaris imabwera chifukwa cha vuto la filaggrin uja, imagwira pafupifupi munthu mmodzi pa 250 alionse, imayamba ali mwana, mamba ake amakhala pa misongolo koma kuseri kwa maondo kuli bwinobwino. Koma mamba otere akayamba mwadzidzidzi munthu ali wamkulu, pamafunika kufufuza za m'thupi.

Za m'thupizo ndi izi: chithokomiro chofooka, chimene chimabwera ndi kutopa, kuzizidwa, kunenepa ndi kudzimbidwa, shuga, amene amabwera ndi ludzu komanso kukodza pafupipafupi, matenda a impso, HIV, kuperewera kwa zinc kapena vitamini A. Kusowa niacin kumadetsa ndi kusupula malo owombedwa ndi dzuwa, m'khosi ndi kunja kwa manja, nthawi zambiri pamodzi ndi kutsegula m'mimba. Mankhwala enanso amaumitsa khungu, monga okodzetsa a BP, otsitsa cholesterol ndi isotretinoin wa ziphuphu. Musawasiye nokha, kauzeni amene anakulemberani. Ndipo pakaoneka mafinya, nkhanambo zachikasu, kutupa, kutentha pamalopo kapena thupi lonse, pitani tsiku lomwelo.

Tembo: Nanga timachubu tija anthu amagula okha tothetsa kuyabwa?

Gama: Ambiri mwa amenewo ndi ma steroid, mankhwala ochepetsa kutupa ndi kuyabwa. Hydrocortisone wa 1% ndi wofooka, munthu wamkulu angapake pamalo oyabwa kamodzi kapena kawiri pa tsiku kwa masiku osapitirira 7. Muyeso wake: finyani mzere kuchokera kunsonga ya chala cha mkombaphala kufika pa mfundo yoyamba, amenewo ndi pafupifupi theka la galamu, okwanira malo aakulu ngati zikhatho ziwiri. Siyanitsani ndi mafuta odzola mphindi 20 mpaka 30 kuti asasungunuke kapena kufalikira pamene sakufunika. Kumaso, pa mabala ndi pa ana, pokhapokha achipatala atanena.

Betamethasone ndi clobetasol ndi amphamvu kwambiri, ndipo amapezekanso m'mafuta ambiri oyeretsa khungu, ena osalemba n'komwe. Poyamba khungu limasalala, kenako limapyapyala, mitsempha imaonekera, mizere yong'ambika imatuluka, ndipo ukasiya limayabwa n'kusupuka kuposa kale, munthu n'kubwereranso. Amene wagwiritsa ntchito miyezi yambiri asiye mothandizidwa ndi achipatala. Steroid pa chipere amachotsa kuyabwa koma fangasi imafalikira mobisika mpaka kuvuta kuizindikira.

Nangondo: Makanda ndi agogo tisawaiwale. Khanda kusupuka m'milungu yoyamba si matenda, kumatha kokha. Lisambitsidwe mwachidule, lidzozedwe zopanda fungo, osati za salicylic acid kapena urea wamphamvu, chifukwa khungu lake limalowetsa mankhwala mosavuta. Okalamba khungu lawo limapanga mafuta ochepa, ndipo misongolo imatha kung'ambika timizere tofiira topingasana. Kwa iwo kusamba thupi lonse ndi sopo tsiku lililonse sikofunika, koma kudzola kawiri pa tsiku n'kofunika, ndipo wina awathandize kumsana ndi kumapazi kumene safikira. Zikhadabo ziwengedwe. Kuyabwa kukavuta, nsalu yonyowa yozizira kwa mphindi 5 mpaka 10 imathandiza kuposa kukanda. Zovala zokhudza khungu zikhale za thonje, zaubweya zivalidwe pamwamba. Kuwotha moto pafupi kwambiri, kapena kukhala m'chipinda cha hita kapena makina oziziritsa mpweya tsiku lonse, kumaumitsanso khungu.

Gama: Mwatchula moto, pali chenjezo limene ambiri salidziwa. Mafuta odzola amalowerera m'zovala, m'mabandeji ndi m'zofunda, n'kuumiramo. Nsalu yotere imagwira moto msanga ndipo imayaka mwamphamvu, kaya mafutawo ndi a paraffin (monga petroleum jelly ndi mineral oil) kapena ayi. Amene amadzola ambiri tsiku lililonse, makamaka okalamba ndi odwala ogona, asasute fodya pabedi, asayandikire kandulo kapena mbaula atavala zogonera zimenezo. Zovala ndi zofunda zichapidwe pafupipafupi m'madzi otentha, ngakhale kuchapako sikuchotsa mafuta onse.

Nkhoma: Komanso pansi pa bafa pamaterera mukasambira mafuta amenewa. Kwa agogo ikani mpando ndi chopondera chosaterera, ndipo kumapazi muziwadzoza atakhala kale pabedi.